Chamba cha mankhwala: khomo latseguka, alowe ndani?

Mwana wanga,

Lachisanu lapitali unatsalira m'kalasi anzako atathamangira kunyumba, ndipo unandifunsa funso limene silikanayankhika bwino titaimirira pakhomo, choko chili m'manja. Unati, "Aphunzitsi, pa wailesi amanena kuti Zambia inaloleza chamba. Nanga bwanji mnyamata wa m'fulati mwathu anamutenga a DEC mwezi watha?" Ndinakupempha kuti undipatse masiku awiri. Tsopano ndakulembera, kuti uwerenge modekha, ndipo pamene pakuvute ubwerezenso. Ndikudziwa kuti utero, chifukwa mwana wofunsa funso lotere satopa ndi masamba ochepa.

Tiyambe ndi chomeracho. Chamba ndi chomera chimodzi, chimene akatswiri a zomera amachitcha Cannabis sativa. Kuno anyamata amati dobo, ku Malawi ena amati fodya wamkulu, koma chomera n'chomwecho. Chilipo chachimuna ndi chachikazi. Chachikazi chikachita maluwa, maluwawo amatulutsa utomoni womata m'zala, wafungo lamphamvu. Nkhani yathu yonse yagona mu utomoni umenewo.

Mu utomoniwo muli timankhwala toposa 100, koma iwe ugwire mayina awiri okha. Loyamba ndi THC. Ameneyu ndiye amazunguza bongo, ndiye amaledzeretsa wosuta. Akatswiri awiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, ndiwo anamupatula n'kumufotokoza mu 1964. Lachiwiri ndi CBD, ndipo ameneyu saledzeretsa. Ubwereze mumtima: THC amaledzeretsa, CBD saledzeretsa.

Pamaso pa lamulo, kuchuluka kwa THC ndiko kumagawa chomerachi. Chamba cha THC wochepetsetsa chimatchedwa hemp. Chimenechi amachilima pofuna luzi lake ndi njere zake, zopangira zingwe, nsalu, mapepala ndi mafuta. Lamulo la Zambia limati hemp asapitirire 0.3 peresenti ya THC pa kulemera kwa chomera chouma. La Malawi limalola mpaka 1 peresenti.

Nanga chamba cha mankhwala n'chiti? Ndi chamba cholimidwa ndi chilolezo cha boma, choyezedwa mphamvu yake mu labotale, kuti dokotala alembere wodwala muyezo wodziwika. Mawu ofunika apa ndi muyezo. Chamba cha m'thumba la mnyamata wa pamsika palibe akudziwa kuti muli THC wochuluka bwanji, ngakhale wogulitsayo. Botolo la mankhwala limanena pachikuto pake kuti dontho lililonse muli zakutizakuti, ndipo botolo la mawa liyenera kufanana ndi la lero.

Mwina ukufunsa ngati chimachiritsadi. Ndikuyankhe moona. Chimathandiza pa matenda ochepa odziwika, ndipo umboni wake ulipo. Mu 1985 dziko la America linavomereza dronabinol, amene ndi THC wopangidwa m'fakitale, kuti achepetse mseru ndi kusanza kwa odwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu. Mu 2010 dziko la Britain linavomereza Sativex, wopopera m'kamwa, wothandiza kuuma kwa minofu pa matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis. Mu Juni 2018 America inavomerezanso Epidiolex, mafuta a CBD, a ana odwala mitundu iwiri ya khunyu yosowa komanso yovuta kwambiri.

Ndikamatchula khunyu ndimakumbukira kamtsikana kena kamene ndinakaphunzitsa zaka zapitazo. Kankagwa pakati pa phunziro, ife n'kukankha madesiki kuti kasadzipweteke, n'kukagoneka chammbali mpaka kutsitsimuka. Kakadzuka kankayang'ana pansi ndi manyazi, ngati kalakwira wina. Sindikunena kuti mafuta a chamba akanakachiritsa, pakuti khunyu lili mitundumitundu ndipo lambiri limamva mankhwala amene ali kale m'zipatala zathu. Ndikunena kuti mawu akuti wodwala ali ndi nkhope, ndipo m'phunziro lino nkhope imeneyo tisaiiwale.

Mbali inayo ndikuuzenso mosabisa, popeza ndiwe mwana wanga. Bongo wa munthu umapitirira kukula mpaka atadutsa zaka 20. THC wambiri pa msinkhu wako amafooketsa kukumbukira ndi kutchera khutu m'kalasi, amazolowereka mpaka munthu kulephera kusiya, ndipo kwa ena amadzutsa misala. Anamwino a kuchipatala cha Chainama ku Lusaka angakuuze zambiri za anyamata otere. Chinthu chimene chingathandize wina n'kuwononga wina sichisiyidwa chokha pamsika. Mpake boma kulowererapo.

Kulowerera kumeneku ndiko timati kuwongolera. Kuwongolera ndi pamene boma sililetsa chinthu kotheratu, komanso silichisiya kuti aliyense achite mmene afunira, koma limaika malire: alime ndani, alime kuti, asunge bwanji, agulitse kwa yani. Chida chachikulu cha kuwongolera ndi laisensi, kutanthauza chikalata cha boma chokupatsa ufulu wochita chimene wopanda chikalatacho angamangidwe nacho. Mawu amenewa uwasunge bwino: wa laisensi ndi wopanda laisensi angathe kulima chomera chimodzimodzi, wina n'kutchedwa wamalonda, wina n'kutchedwa wamlandu.

Malire amenewa sanayambire ku Lusaka. Mu 1961 mayiko anapangana pangano lalikulu la mankhwala ozunguza bongo, lotchedwa Single Convention on Narcotic Drugs, ndipo Zambia ndi Malawi ali m'gulu la mayiko olitsatira. Panganoli silinaletse chamba cha kuchipatala ndi cha kafukufuku. Linati dziko lofuna kuchilima likhale ndi bungwe la boma lopereka malaisensi, losonyeza malo olimapo, ndi loyang'anira zokolola zonse. Katundu akamatuluka m'dziko pamafunika chilolezo cha dziko lotumiza ndi cha dziko lolandira, ndipo ziwerengero zimapita ku bungwe la INCB ku Vienna. Pa 2 Disembala 2020 mayiko a mu komiti ya United Nations yoona za mankhwalawa anavota, 27 kuvomera ndipo 25 kukana, n'kuchotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsa amene amaonedwa ngati opanda ntchito kwenikweni kuchipatala. Chinatsalabe pa mndandanda wa mankhwala ofunika kuwalondera kwambiri.

Tsopano tibwere kwathu. Mu Malichi 2017 nduna ya za m'dziko, a Stephen Kampyongo, anauza nyumba ya malamulo kuti lamulo la 1993 linkalola kale kulima chamba cha mankhwala ngati munthu ali ndi chilolezo cha nduna ya zaumoyo. Patangopita miyezi iwiri, nduna ya zaumoyo, a Chitalu Chilufya, anati sadzapereka chilolezo chotero. Apa waona kale kuti khomo lingathe kulembedwa m'buku la malamulo koma kiyi wake osaperekedwa kwa aliyense.

Mu Disembala 2019 mneneri wa boma, mayi Dora Siliya, analengeza kuti nduna zagwirizana zolola kulima chamba cha mankhwala ndi chotumiza kunja. A Peter Sinkamba a chipani cha Green Party anali atalimbikira nkhaniyi kwa zaka zingapo. Kenaka mu 2021 kunabwera malamulo atatu otsatizana: Cannabis Act nambala 33, Industrial Hemp Act nambala 34, ndi Narcotic Drugs and Psychotropic Substances Act nambala 35. Loyamba ndi la chamba cha mankhwala ndi cha kafukufuku, ndipo lapereka udindo wa malaisensi ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala onse m'dziko muno. Lachiwiri ndi la hemp. Lachitatu ndi lija amagwiritsa ntchito a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, pogwira anthu.

Yankho la funso lako ndi limeneli. Zambia sinaloleze kusuta chamba, sinaloleze kuchigulitsa pamsika, sinaloleze kuchibzala kuseri kwa nyumba. Inaloleza anthu a laisensi okha, pa ntchito ya mankhwala, ya kafukufuku ndi ya m'mafakitale. Mnyamata wa m'fulati mwanu alibe laisensi, choncho lamulo lachitatu lija ndilo linamupeza. Uwauzenso anzako zimenezi, chifukwa ambiri anamva theka la nkhani pa wailesi.

Ndikanatha kulekera pomwepa, koma ndinaona m'maso mwako kuti pansi pa funso lako panali funso lina. Unkafuna kudziwa ngati zimenezi zili bwino. Limeneli ndi funso la chilungamo, ndipo ndi gawo lovuta la phunziro lathu.

Tisiyanitse mawu awiri, kufanana ndi chilungamo. Kufanana ndi kupatsa aliyense chinthu chimodzimodzi. Chilungamo ndi kuyang'ana pamene munthu aliyense waima, n'kuchotsa chimene chikumutchinga popanda chifukwa. M'kalasi mwathu mayeso ndi amodzi kwa onse, kumeneko ndiko kufanana. Koma mnzako uja wosaona bwino patali ndinamukhazika kutsogolo, pafupi ndi bolodi, ndipo palibe anadandaula. Chimenecho ndicho chilungamo. Lamulo lonena kuti aliyense angathe kupempha laisensi lakwaniritsa kufanana. Kuti tidziwe ngati lakwaniritsa chilungamo, tifunse kuti ndani angakwanitsedi.

Tenga pensulo, tiwerengere limodzi. Pamene boma linkalengeza mu 2019, nyuzipepala zinalemba kuti laisensi idzakhala madola 250,000 a ku America pachaka. Nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K14. Chulukitsa, upeza K3,500,000. Chaka chomwecho a FRA, bungwe la boma logula chimanga, ankagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K110. Gawa K3,500,000 ndi K110. Upeza matumba oposa 31,000. Taganizira agogo ako kumudzi, amene chaka chabwino amakolola matumba makumi angapo, ena n'kusunga a chakudya. Mudzi wawo wonse utasonkha, sungafike pakhomo pa ofesi imeneyo. Palibe mzere wa lamulo wonena kuti mlimi wamng'ono asalowe. Mtengo ndiwo ukanamubweza.

Ndipo laisensi ndi mpanda woyamba chabe. Wachiwiri ndi chitetezo. Munda wa chamba cha mankhwala umafuna mpanda wolimba, alonda usana ndi usiku, makamera, chipinda chokhoma chosungiramo zokolola, ndi kaundula wolemba chomera chilichonse kuyambira kubzala mpaka kutuluka pageti. N'chifukwa chake kuyambira pachiyambi dzina la Zambia National Service lakhala likutchulidwa pa nkhani yoyang'anira minda imeneyi. Cholinga n'chabwino, kuti chamba cha kuchipatala chisadutsire kumbuyo n'kukapezeka ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe. Koma mpanda ndi makamera zimadya ndalama mbewu isanamere.

Mpanda wachitatu ndi ukhondo wa katunduyo, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa pakukhudza mtsinje wathu wa Kafue. Ogula aakulu ali kunja, monga Germany, imene inatsegula njira ya chamba cha kuchipatala mu Malichi 2017. Iwo amafuna umboni wa kalimidwe koyenera, kotchedwa GACP, ndi kapangidwe koyenera ka m'fakitale, kotchedwa GMP. Katundu aliyense amayezedwa mu labotale ngati muli nkhungu, tizilombo, zotsalira za mankhwala opopera mbewu, kapena zitsulo zapoizoni monga mtovu. Chamba chili ndi khalidwe loyamwa zitsulo za m'nthaka n'kuzisunga m'thupi mwake. Tsono ukukumbukira Febuluwale wa 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba n'kuyandama zakufa kumtunda kuja. Mlimi wothirira ndi madzi a mtsinje ayenera kuyezetsa madzi ndi nthaka yake kawirikawiri, ndipo kuyezetsako n'kodula. Kampani yaikulu imakumba zitsime zake, imasefa madzi ake, imalima m'nyumba za pulasitiki zija alimi amati girinihausi. Mlimi wamng'ono, amene sanaipitse mtsinje, ndiye woyamba kukanidwa katundu wake.

Malamulo a ukhondowa sindikuwatsutsa ayi. Mwana wodwala khunyu sayenera kumwa mtovu m'dzina lothandiza alimi. Chimene ndikufuna uone n'chakuti mpanda uliwonse, ngakhale womangidwa ndi cholinga chabwino, uli ndi anthu amene umawasiya kunja. Wolemba lamulo wanzeru amamanga mpanda, n'kuikanso geti limene wosauka angadzerepo.

Mpanda wachinayi ndi msika, ndipo apa tiphunzire kwa abale athu a ku Malawi. Kumeneko phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anadzutsa nkhani ya hemp m'nyumba ya malamulo mu 2015, ndipo mbewu zinayesedwa ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe. Mu Febuluwale 2020 lamulo linadutsa, n'kukhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Laisensi yolima chamba cha mankhwala inaikidwa pa madola 10,000, ya hemp pa madola 2,000. Poyerekeza ndi chiwerengero chathu chija, mitengoyi inali yotsika zedi, ndipo alimi anayesa kuifikira popanga makopaletivi, kutanthauza magulu a alimi osonkha chuma ndi kugulitsa pamodzi. Ena anasonkha, analima, anakolola, koma wogula amene anawalonjeza sanaoneke. Chimanga chikasowa msika umadya, mtedza umasinja. Chamba cha laisensi chikasowa wogula wovomerezeka, sungachigulitse kwa wina aliyense popanda kupalamula, chimangowonongekera m'nyumba yosungiramo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mlimi asabzale asanaone mgwirizano wolembedwa ndi wogula wodziwika.

Ku Malawi kunalinso chinthu china chopweteka. Chamba chakumudzi, chija chinatchuka dziko lonse lapansi ndi dzina la Malawi Gold, chimene mabanja a ku Nkhotakota ndi madera ena akhala akusunga mbewu yake mibadwomibadwo, sichinali m'gulu la mbewu zololedwa poyamba. Alimi a laisensi ankagula mbewu yochokera kunja. Mu Malichi 2024 nyumba ya malamulo inavomereza bilu ya phungu a Peter Dimba yoti chamba chakumudzi chizilimidwanso pansi pa laisensi. Taona mmene zinakhalira: anthu odziwa chomeracho kuposa wina aliyense ndiwo anali omaliza kukumbukiridwa. Ku Lesotho, dziko loyamba mu Africa kupereka malaisensi otere mu 2017, ndi ku Mpondoland ku South Africa, alimi a m'mapiri adandaula dandaulo lomweli.

Zotere si zachilendo m'mbiri ya ulimi wa kuno. Ku Malawi, pansi pa lamulo la mbewu zapadera la 1963, fodya wa bale, amene ankabweretsa ndalama zambiri, anasungidwira ma esiteti. Mlimi wa m'mudzi sankaloledwa kumulima pamunda pake, koma ankaloledwa kukakhala tenanti pa esiteti ya munthu wina, n'kumalima fodya yemweyo ndi manja ake omwewo. Mu 1990 lamulo linayamba kumasuka, alimi anapanga makalabu, ndipo m'zaka zochepa anali iwo olima bale wochuluka m'dzikomo. Luso anali nalo kale. Chimene chinkawasowa chinali chilolezo. Ndikamawerenga za malaisensi a chamba, mbiri imeneyi imandibwerera, ndipo ndimaopa kuona matenanti atsopano m'magirinihausi a anthu ena.

Tsopano tibwerere kwa mnyamata wa m'fulati mwanu, pakuti chilungamo chili ndi mbali yoyang'ana kumbuyo. Pansi pa malamulo akale, munthu wopezeka ndi chamba choposa theka la galamu ankatha kuzengedwa mlandu wa malonda a mankhwala ozunguza bongo. Theka la galamu silikwana ndi fodya wa mu ndudu imodzi. Ine ndinali ndi wophunzira wanzeru pa masamu amene anakalowa m'ndende chifukwa cha timipukutu tochepa. Atatuluka ndinakumana naye pa siteshoni ya basi, ataonda, akuitanira anthu minibasi ya ku Lusaka. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Aphunzitsi, paliponse ndikapempha ntchito amafuna pepala la kupolisi." Analakwa, inde, ndipo ndinamuuza. Koma mbiri ya mlandu imamutsata moyo wonse, ndipo malonda a laisensi, amene amafufuza mbiri ya munthu asanamulole, adzamutsekera kunja pamodzi ndi anzake onse. Chomera chimene chinamuika m'ndende chikayamba kulemeretsa ena, dziko liyenera kudzifunsa kuti anthu otere lichita nawo chiyani.

Mayiko ena ayesapo kuyankha. Ku America, lipoti la bungwe la ACLU la 2013 linasonyeza kuti munthu wakuda ankamangidwa chifukwa cha chamba pafupifupi kanayi kuposa mzungu, ngakhale kuti kasutidwe kanali kofanana. Pofuna kukonza zimenezi, mzinda wa Oakland ku California unaika lamulo mu 2017 loti theka la zilolezo zoyambirira lipite kwa anthu osauka amene anamangidwapo chifukwa cha chamba kapena okhala m'madera amene apolisi ankagwiramo anthu kwambiri. Dera la Illinois mu 2019 linalamula kufufuta milandu ing'onoing'ono ya chamba m'mabuku. Kumeneko analolezanso chamba chongosangalala nacho, chimene ife sitinalole, choncho si zonse tingatengere. Tingatengeko mfundo yakuti chilungamo anachilemba m'lamulo mwenimwenimo, ndi manambala ake.

Tingatengekonso chenjezo. Ambiri olandira zilolezo zapaderazo analibe mpamba, ndiye anthu achuma ankabwera n'kunena kuti, "Dzina likhale lako, ndalama zikhale zanga." Papepala mwini ndi wosauka uja, koma phindu ndi ulamuliro zili kwa wina. Khalidwe limeneli lobwereka dzina timalidziwa ndi kuno komwe. Chilolezo chopanda ngongole yofewa, chopanda maphunziro ndi chopanda woyang'anira mapangano chimasanduka katundu wogulitsa kuseri. Zambia ili kale ndi chida chothandiza pamenepa, lamulo la 2006 lokweza nzika pa chuma, limene linabala bungwe la CEEC. Ntchito ndi kulumikiza chida chimenecho ndi malonda atsopanowa.

Kodi pali njira yoti mlimi wamng'ono alowe popanda kugwetsa mipanda ya chitetezo ndi ukhondo? Ilipo, ndipo chitsanzo chake sichili kutali. Ukawoloka mlatho wa Kafue n'kukhotera njira ya ku Mazabuka, ukafika ku Kaleya. Kumeneko, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, alimi ang'onoang'ono pafupifupi 160 akhala akulima nzimbe pansi pa kampani imodzi ya Kaleya Smallholders, n'kumagulitsa ku fakitale ya shuga ya Nakambala. Madzi othirira, makina ndi upangiri zimayendetsedwa pamodzi, koma banja lililonse lili ndi gawo lake la munda. Chamba cha mankhwala chingathe kuyenda chimodzimodzi: mpanda umodzi, alonda amodzi, labotale imodzi, laisensi imodzi ya gulu, mkati mwake mabanja ambiri, lililonse ndi girinihausi yake. Choopsa cha njira imeneyi n'chakuti wogula amakhala mmodzi, ndipo wogula mmodzi amakonda kudziikira mtengo. Choncho alimi ayenera kukhala ndi masheya m'kampaniyo, kutanthauza gawo la umwini wake, ndipo kawerengedwe ka mtengo kalembedwe poyera, koti mwana wa giredi 12 ngati iwe angathe kukatsatira ndi pensulo.

Kwa mlimi wa kuno, ine ndikuona kuti khomo lapafupi ndi hemp. Safuna mipanda yodula ngati chamba cha mankhwala, amalimidwa pamunda wapoyera, ndipo luzi lake limafuna fakitale yoliwomba. Ukamapita kusukulu m'mawa, tayang'ana mafulati ndi misewu ya kuno ku Kafue Estates. Malo ano anamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, nthawi ya a Kenneth Kaunda, kuti mukhale antchito a Nitrogen Chemicals of Zambia ndi a Kafue Textiles. Ndili mnyamata ndinkaona njinga zili mdipiti m'mamawa, amuna ndi akazi akuthamangira shifiti, madzulo ena akubwerako ulusi wa thonje uli m'tsitsi. Thonje limenelo linkachokera m'minda ya alimi wamba, n'kusanduka chitenje pompano. Omanga Estates anaika wantchito m'pulani kuyambira tsiku loyamba, ndi nyumba yake, sukulu ya ana ake ndi msika wake. Fakitale ya nsalu inatseka pafupifupi zaka 20 zapitazo, koma agogo odziwa kuwomba adakalipo m'mafulati muno. Tikadzangotumiza kunja maluwa ouma ndi luzi losawomba, ntchito zabwino za mu labotale ndi za m'fakitale zidzapita kwa ana a mayiko ena. Ndimafuna iwe ndi anzako mudzakhale oyeza THC mu labotale ya kuno, ovala makoti oyera, odziwa chimene mukuchita. N'chifukwa chake ndimakuumiriza pa kemisitiri.

Watsala munthu mmodzi, amene ndinati tisamuiwale. Nkhani ya chamba cha mankhwala imakambidwa kwambiri ngati nkhani ya madola ndi ngongole za dziko, ngati kuti wodwala aliyense amakhala ku Berlin. Koma ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka kuli amayi akusanza ndi mankhwala a khansa, ndipo m'midzi muli ana a khunyu losamva mankhwala wamba. Mankhwala monga Epidiolex ndi odula kwambiri kwa banja la kuno. Dziko likalima chomera, n'kutumiza chonse kunja, wodwala wake n'kulephera kugula botolo lopangidwa kuchokera m'nthaka yake, chilungamo chaperewera. Lamulo lingathe kunena kuti gawo lina la zokolola litsale muno, lipangidwe mankhwala olembetsedwa ku ZAMRA, madokotala aphunzitsidwe kawalembedwe kake, ndipo NHIMA, thumba lathu la inshulansi ya zaumoyo, iganizire zolipira kwa amene akufunikiradi.

Nayi ntchito yako ya sabata ino. Pita pa intaneti, pa tsamba la nyumba ya malamulo ya Zambia, utsitse Cannabis Act nambala 33 ya 2021. Chingerezi chake n'cholimba, koma usaope, uwerenge ndime imodziimodzi, dikishonale ili pambali. M'kope lako ulembe mitundu ya malaisensi imene upeze, ulembe amene lamulo likumukaniza laisensi ndi chifukwa chake, ndiponso amene akhala mu komiti yoyang'anira. Kenaka ufufuze ngati mawu akuti mlimi wamng'ono, kopaletivi, nzika kapena wodwala akupezekamo, ndipo pamene wawapeza ujambule mzere kunsi kwake. Ukapite nalonso funsoli kwa agogo ako: pa nthawi ya thonje kapena ya fodya, ankaika mtengo ndani, ndipo iwo ankaudziwa liti, asanabzale kapena atakolola? Ubwere nazo Lolemba tikaweruka. Ndidzakhala m'kalasi momwemuja, ndipo ngati mayi a mnyamata uja angafune wowathandiza kulemba kalata yopempha loya waulere ku Legal Aid Board, uwauze kuti abwere nawe.

Ndine mphunzitsi wako.